Kodi zida zamatsenga zizigulitsidwa m'masewero athu a Dungeons & Dragons?

Wotsogolera masewero, Chilenje

Akuluakulu ndi anzanga nonse amene mumasewera Dungeons & Dragons kuno ku Lusaka, masewero aja a pa tebulo amene aliyense amakhala munthu wa m'nkhani yongopeka, ndabwera ndi funso limene lagawa gulu lathu pawiri, ndipo ndikupempha maganizo anu, makamaka inu amene mwakhala mukutsogolera masewerowa kwa nthawi yaitali. Timatsatira malamulo a kope lachisanu, lija linatuluka mu 2014, ndipo DM wa gululi, kutanthauza wotsogolera masewero, ndine. Ankhondo a m'nkhani yathu afika pa levulo 6, ndipo posachedwapa anagonjetsa achifwamba amene ankabisala m'mabwinja a linga lakale, n'kupezamo ndalama zagolide zoposa 4,000. Atangolowa mumzinda waukulu, mnzathu amene amasewera msilikali anandifunsa kumene kuli sitolo yogulitsa malupanga amatsenga. Ndinamuyankha kuti mumzindamo mulibe sitolo yotero, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi sinazizire.

Mfundo yake ndi yakuti msilikali wake anaika moyo pachiswe kuti apeze ndalamazo, ndiye ngati sangagule nazo chinthu chomuwonjezera mphamvu, ndalamazo ndi manambala chabe olembedwa papepala. Ine ndimaona kuti lupanga limene munthu walitola pambali pa mafupa a mfumu yakale, atadutsa misampha ndi kukhetsa magazi, osewera amalikumbukira kwa zaka, pamene lupanga losankhidwa pa mndandanda wa mitengo limaiwalika sabata yomweyo. Ndikuopanso kuti ndikangotsegula sitoloyo, aliyense aziwerenga buku la DM kunyumba kwake n'kumabwera ndi mndandanda wa zimene akufuna, ndipo chuma chimene ndimabisa m'mapanga chidzasanduka katundu wongokagulitsa.

Malamulo nawonso sakundithandiza kwenikweni. Buku la DM la 2014 limanena kuti zida zambiri zamatsenga n'zosowa moti sizipezeka pamsika, komabe buku lomwelo limapereka mitengo yoyerekezera malinga ndi kusowa kwa chinthucho. Zofala zimayambira pa golide 50 mpaka 100, zosapezekapezeka pa 101 mpaka 500, zosowa pa 501 mpaka 5,000, ndipo zotchuka kwambiri zimapitirira 50,000. Buku la osewera nalo linaika botolo la mankhwala ochiritsa pa mndandanda wa katundu wamba, pa mtengo wa golide 50. Kodi inuyo mumalola kuti zida zamatsenga zizigulitsidwa? Ngati mumalola, amagulitsa ndani, ndipo mumaika malire pati? Ngati simulola, golide amene osewera akuunjika mumamupezera ntchito yanji?

Mkulu wa ku Kabwata

Achimwene a ku Chilenje, funso lanu ndi lakale kwambiri m'masewerowa, ndipo yankho lake lakhala likusintha malinga ndi mmene malamulo akhala akulembedwera. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono za mbiriyo, chifukwa ndi imene ikuonetsa kumene vuto lanu lachokera.

Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerowa mu 1974, golide anali ndi ntchito yake yooneka. Ndalama iliyonse imene munthu watuluka nayo m'mapanga inkamuwonjezera mapointi okwerera levulo, choncho kufunafuna chuma ndiyo inali njira yokulira. Msilikali akafika pa levulo yapamwamba ankamanga linga lake n'kukhala ndi asilikali omutsatira, ndipo zimenezo zinkadya ndalama zambiri. Zida zamatsenga zinkapezeka m'chuma cha zilombo, nthawi zambiri mwa kuponya madayisi, ndipo munthu ankaphunzira kugwiritsa ntchito chimene wapeza.

Zinthu zinasintha mu 2000, pamene kampani ya Wizards of the Coast, imene mu 1997 inagula TSR, kampani imene inkasindikiza masewerowa, inatulutsa kope lachitatu. Chida chilichonse chamatsenga chinapatsidwa mtengo wake weniweni, ndipo panali tebulo losonyeza chuma chimene munthu ayenera kukhala nacho pa levulo iliyonse. M'malamulo okonzedwanso a 2003, munthu wa pa levulo 5 ankayembekezeka kukhala ndi katundu wokwana golide 9,000, wa pa levulo 10 golide 49,000, ndipo mphamvu za zilombo zinayezedwa poganiza kuti osewera ali ndi katundu ameneyo. DM amene ankakana kugulitsa zida zamatsenga m'malamulo amenewo ankalanga osewera ake osadziwa. Lupanga lalitali la +1, kutanthauza lamatsenga lowonjezera 1 pa kumenya kwa mwini wake, linali pa golide 2,315, ndipo ndodo yochiritsira mabala aang'ono, yogwira ntchito ka 50, inali pa 750. Pafupifupi gulu lililonse linkagula ndodo imeneyo ndalama zikangokwana. Masewero ena otchedwa Pathfinder, amene kampani ya Paizo inatulutsa mu 2009, anatengera dongosolo lomweli.

Ine ndinatsogolera masewero pa malamulo amenewo, ndipo chimene chinandipweteka mtima ndi ichi. Ndinakonza dera lina la m'nkhani yanga limene linali pa chilala, zitsime zitauma, anthu akusamuka ndi ziweto zawo. M'kachisi wogumuka ndinaikamo mtsuko wamatsenga umene umatulutsa madzi osatha. Ndinkayembekezera kuti osewera ayamba kukambirana za mudzi umene aupatse, kapena za mfumu imene idzafune kuwalanda. Mmodzi wa iwo anangotsegula buku, anatsetsereka ndi chala mpaka pa mtengo wa 9,000, n'kunena kuti akaugulitsa pa theka la mtengowo apeza zokwanira kugula mphete yodzitetezera ndi mkanjo wothandiza kupewa matsenga a adani. Sindikumuimba mlandu, chifukwa malamulo ndiwo ankamuphunzitsa kuganiza motero. Pamene zonse zili ndi mtengo, chinthu chodabwitsa chimagonja kwa chinthu chowonjezera nambala, ndipo pamapeto pake ankhondo a magulu onse amavala zofanana.

Kope lachisanu linalembedwa mosiyana. Manambala amakwera pang'onopang'ono, zilombo sizinayezedwe poganiza kuti aliyense ali ndi zida zamatsenga, ndipo zida zambiri zamphamvu zimafuna kuti munthu azilumikize kwa iye mwini, koma sangalumikize zoposa zitatu pa nthawi imodzi. Ndiye pamene munakana kutsegula sitolo simunaphwanye lamulo lililonse, ndipo ine ndikanachitanso chimodzimodzi. Mankhwala ochiritsa ndimalola kuti azigulitsidwa pa makachisi, pamodzi ndi mipukutu ya matsenga aang'ono, koma chida chokhalitsa ndimafuna chizikhala ndi mwini wake wakale ndiponso mbiri yake.

Wosewera wa ku Kalingalinga

Bambo a ku Kabwata, mbiri mwaifotokoza bwino, ndipo nkhani ya mtsuko wa madzi yandikhudza. Komabe ndikupempha kuti tiyang'anenso nkhaniyi kuchokera kumbali ya amene timakhala tsidya lina la tebulo, chifukwa ine ndasewera msilikali kwa nthawi yaitali ndipo ndikumumvetsa mnzawo wa alongo anga a ku Chilenje.

Wamatsenga wa m'kope lachisanu akakwera levulo amasankha yekha matsenga awiri atsopano n'kuwalemba m'buku lake, popanda kupempha aliyense. Wansembe amasintha mapemphero ake tsiku lililonse. Msilikali alibe mwayi wotero. Akagula chovala chachitsulo chokuta thupi lonse, chija cha golide 1,500, wamaliza zonse zimene buku la osewera lingamugulitse, ndipo kuyambira pamenepo kukula kwake pa nkhani ya zida kumadalira chifundo cha DM kapena mwayi wa madayisi. Tisaiwalenso kuti m'buku la zilombo la 2014 muli zilombo zambiri zimene chida wamba chimazivulaza theka lokha, ndi zina zimene sichizivulaza n'komwe. Munthu wosanduka mmbulu ndi chitsanzo chodziwika: lupanga lako likakhala lopanda matsenga komanso losakutidwa ndi siliva, umangomenya pachabe. Ndinakhalapo pa tebulo usiku wina, anzanga akuponya moto ndi mphezi, ine ndikuponya dayisi n'kumauzidwa kuti nkhonya yanga yalowa koma sinachite kanthu. Chuma chimene tinapeza pambuyo pake chinali ndi uta wamatsenga, pamene munthu wanga anakonzedwa kuti azimenya ndi nkhwangwa yaikulu. Kuphunzira kugwiritsa ntchito chimene wapeza kumamveka bwino, koma luso lonse limene ndinasankha kuyambira pachiyambi linali la nkhwangwa.

Palinso nkhani ya nthawi. Ambirife timagwira ntchito kapena tili pasukulu, ndipo timakumana kwa maola ochepa, aliyense akuyang'ana wotchi kuti asasowe minibasi yobwerera kwawo kukada. Pali masabata ena amene sitikumana n'komwe chifukwa cha maliro, mayeso kapena mvula. Kuuza munthu kuti adikire mpaka nkhani idzamufikitse pa lupanga lomuyenera kungatanthauze miyezi yambiri ya moyo weniweni.

Sindikuvomerezanso kuti kugulitsa kumapha kudabwitsa nthawi zonse. Dziko la Eberron, limene Keith Baker anakonza ndipo linatuluka mu 2004, linamangidwa pa lingaliro lakuti matsenga aang'ono ndi ntchito ngati ntchito zina. Kuli sitima yapamtunda yoyendera mphamvu ya matsenga, kuli banja la Cannith limene limapanga ndi kugulitsa zida, ndipo anthu ambiri amalikonda dzikoli chifukwa cha zimenezo. Ngakhale m'dziko limene matsenga ndi osowa, funso limakhalapobe: wankhondo akamwalira n'kusiya mkazi ndi ana amene sadziwa kugwira lupanga, kodi banjalo lisunga chidacho pamene m'nyumba mulibe chakudya? Wina adzachigulitsa ndithu, ndipo wina adzachigula. Dziko limene mulibiretu malonda oterowo ine limandivuta kulikhulupirira.

Wowerengera ndalama, Matero

Alongo a ku Kalingalinga anena zoona kuti malonda sangalephere kukhalapo, koma tikaona mitengo imene ili m'buku la osewera, tipeza kuti malondawo sangachitikire m'sitolo ya mashelefu. Bukuli limati munthu wa ganyu wopanda luso amalandira siliva 2 pa tsiku, ndipo siliva 10 ndiye amapanga golide mmodzi. Botolo limodzi la mankhwala ochiritsa ndi malipiro ake a masiku 250. Mmisiri waluso amalandira golide 2 pa tsiku, ndiye chida chosowa cha golide 5,000 chingamutengere masiku 2,500, pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri, asanadye kapena kulipira nyumba. Ogula zinthu zotere ndi mafumu, akuluakulu a makachisi, amalonda olemera ndi ankhondo ngati a m'gulu lanu. Wamalonda amene angaunjike zida zotero m'chipinda chimodzi akhala ataitana mbala zonse za m'dzikomo, ndipo mfumu yanzeru singalole kuti zida zogwetsera ufumu wake zizigulitsidwa kwa aliyense wodutsa.

Ine ndimaona kuti kugula chida chamatsenga kuzifanana ndi kugula poloti kuno ku Lusaka. Sulowa pa khomo n'kuloza imene ukufuna. Umafunsafunsa, umadutsa mwa munthu wodziwa eni ake, umaona mapepala, umafufuza ngati palibe wachibale amene akuti malowo ndi ake, ndipo nthawi zina umadzamva mochedwa kuti anagulitsidwanso kwa munthu wina.

Buku la Xanathar's Guide to Everything, la mu 2017, lili ndi malamulo oyendetsera zimenezi. Wofuna kugula amatha sabata imodzi ya ntchito ndi golide wosachepera 100 pofunafuna ogulitsa, kenako amaponya dayisi poyesa luso lake lokopa anthu, ndipo zotsatira zake ndi zimene zimasonyeza mtundu wa zida zimene zapezeka. Amene waononga nthawi ndi ndalama zochulukirapo amakhala ndi mwayi wokulirapo. Bukulo limatchulanso zovuta zimene zingabuke, monga kupeza kuti chidacho n'chachinyengo, n'chotembereredwa, kapena kuti mwini wake wakale ndi wokonzeka kupha munthu kuti achitengenso. Mukatsatira njirayi, golide wa osewera anu apeza ntchito, ndipo inu simutaya ulamuliro pa zimene zikulowa m'nkhani yanu.

Wotsogolera masewero, Chilenje

Zikomo kwambiri nonse. Mfundo ya alongo a ku Kalingalinga yokhudza msilikali ndi wamatsenga ndi yolemera, ndipo njira ya achimwene a ku Matero ikuoneka kuti ingagwire pa tebulo langa. Chimene chikundidetsabe nkhawa ndi chakuti madayisi angathe kutulutsa zida zimene mnzathuyo sakuzifuna, ndiye adzakhala atataya sabata ndi golide wake pachabe. Ndikamupatsanso chenicheni chimene wapempha, enawo adzati ndikukondera. Kodi alipo amene anakumanapo ndi zimenezi?

Mayi wotsogolera masewero, Chelston

Alongo anga a ku Chilenje, ndinakumana nazo, ndipo chimene chinandithandiza ndi kusiya kuganiza za wogulitsa n'kuyamba kuganiza za wopanga. M'nkhani yanga munali wosula zitsulo wokalamba amene ankakhala kunja kwa mzinda, pafupi ndi mtsinje. Anthu onse ankadziwa kuti amatha kuika matsenga m'chitsulo, koma analibe kanthu kalikonse kopachika pakhoma kodikira wogula. Wosewera wanga wina atapita kukapempha mkondo, nkhalambayo inamuyang'ana m'manja kaye kuti ione ngati ndi manja ogwiradi mkondo, kenako inamufunsa kuti akufuna kukabaya nawo ndani. Inamuuza mtengo, golide wokwana pafupifupi zonse zimene anali nazo, koma inawonjezera kuti golide payekha sasula chida chotero. Pankafunika chitsulo cha mwala umene unagwa kuchokera kumwamba, ndipo mwalawo unali m'dambo limene anthu a m'deralo ankaopa kulowamo.

Gulu lonse linapita kudamboko, chifukwa ndinaonetsetsa kuti ulendowo uli ndi kanthu ka aliyense. Wansembe anapezako manda a mnzake wa m'chipembedzo chake amene anasowa kalekale, ndipo wakuba anapezako mapu. Atabwerera, wosulayo anagwira ntchito kwa milungu ingapo ya m'nkhani, imene pa tebulo tinaidutsa m'mphindi zochepa, ndipo pa tsiku lopereka mkondowo anapempha mwini wake kuti autche dzina. Wosewerayo anakhala chete kwa kanthawi, akutembenuza pensulo m'manja, kenako anautcha dzina la mlongo wake wa m'nkhani amene anaphedwa ndi achifwamba pachiyambi pa masewero athu. M'malamulo unali mkondo wa +1 chabe. Patapita nthawi anapeza mkondo wamphamvu kuposa umenewo m'chuma cha chinjoka, ndipo anaupereka kwa mnzake n'kusunga wakewo.

Zimenezi sizili kunja kwa malamulo. Buku lomwe achimwene a ku Matero atchula limanenanso kuti kupanga chida chamatsenga kumafuna chinthu chapadera chosowa, chimene nthawi zambiri chimapezeka mwa kulimbana ndi chilombo kapena kupita kumalo oopsa. Ine ndinangotenga lamulolo n'kuliika m'manja mwa munthu wa m'nkhani, kuti wosewera amene si wamatsenga nayenso athe kupeza chimene akufuna. Wosewera amasankha yekha chida chake, monga mmene alongo a ku Kalingalinga akufunira, golide amachoka m'thumba, ndipo chidacho chimabwera ndi mbiri imene bambo a ku Kabwata akuifuna, kungoti mbiriyo ailemba osewera eni ake.

Pa nkhani ya kukondera, ndikulangizani kuti mulankhule ndi gulu lonse masewero asanayambe Loweruka likubwerali. Pemphani aliyense alembe pa kapepala zinthu ziwiri kapena zitatu zimene munthu wake angalakelake, ndipo muwauze poyera kuti simukulonjeza zonse, koma kuti aliyense adzafikiridwa pa nthawi yake. Kapepalako kadzakuthandizaninso pokonza chuma cha m'mapanga, chifukwa mudzadziwa kuti uta wamatsenga ulibe woufuna m'gulu lanu. Ndimasiyanitsanso zida potengera kusowa kwake. Zofala, monga mankhwala ochiritsa, zimapezeka m'mzinda uliwonse waukulu, ngakhale kuti kachisi sakhala ndi mabotolo ambiri nthawi imodzi. Zosapezekapezeka zimafuna wopanga kapena mkhalapakati wa malonda. Zosowa ndimazigulitsa pokhapokha pali chifukwa cha m'nkhani, monga banja lachifumu limene lagwa m'ngongole ndipo likugulitsa chuma cha makolo mobisa, komwe osewera amakapikisana ndi ogula ena amene sadzaiwala nkhope zawo. Zoposa pamenepo sindinazigulitsepo.

Musaiwalenso kuti golide 4,000 angathe kupita ku zinthu zina zimene osewera amazikonda akangozilawa. Linga lija anachotsamo achifwamba lili ndi makoma ofunika kukonza, ndipo mfumu ya m'deralo ingathe kuwapatsa ngati alonjeza kuteteza msewu wodutsa pamenepo. Amisiri, alonda, akavalo ndi chakudya cha anthu onsewo zidzadya ndalama mwezi ndi mwezi. Msilikali wanuyo mumupatse wosula zitsulo wake kaye, chifukwa ndiye amene wapempha, koma pamene gulu likudikira kuti lupangalo lisulidwe, tumizani mthenga wa mfumu kuti akawafunse zimene akufuna kuchita ndi lingalo.